Mabuku a Kutchire a Bambo Daka ndi Labala wa Mayi Soko

LAIBULALE YA PAMLATHO, KANYAMA
Zolembedwa za msonkhano wa komiti

Tsiku: Loweruka, 22 Malichi 2025
Malo: M'kontena ya laibulale, kuseri kwa tchalitchi

Opezekapo:
Mayi Marjory Shawa, Wapampando
Bambo Webster Kamanga, Wachiwiri kwa Wapampando
Mayi Magdalene Soko, Wosunga Mabuku
Bambo Nchimunya Hamweemba, membala
Tionge Zimba, Mlembi

Alendo (anafika pa mfundo 6): Bambo Hosea Daka a ku Matero, amene anapereka mabuku, ndi mwana wawo Mayi Karen Daka.

Opepesa: Mayi Chileshe Mwape (madzi analowa m'nyumba).
Osapepesa: Bambo Kumbu Ngoma (kachitatu tsopano).

1. Kutsegula msonkhano

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 14:25, mamembala atatha kukolopa madzi amene analowa pansi pa chitseko. Bambo Hamweemba anapemphera mwachidule. Wapampando anati msonkhano unaitanidwa pa zinthu ziwiri zokondweretsa: kusankha mabuku abwino a zakutchire ndi zamaulendo oti ana awerenge patchuthi cha Epulo, ndi kuthokoza amene anatipatsa mabukuwo. Anati mwatsoka pabwera chinthu chachitatu chosakondweretsa, ndipo chikambidwa alendo asanafike.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Mlembi anawerenga zolembedwa za pa 22 Febuluwale. Bambo Kamanga anapempha kuti pakonzedwe pamene panalembedwa kuti "anathandiza" kukweza mashelefu, chifukwa anawotcherera okha popanda wothandiza. Mlembi anakonza, ngakhale anaona ndi maso ake Bambo Hamweemba atagwirira zitsulo tsiku lonse.

Wapampando anapempha Mlembi kuti abwereze mfundo 6 ya zolembedwazo, imene ikuti: "Mabuku onse a m'bokosi la Bambo Daka akonzedwe monga mwa Lamulo 7 asanaikidwe pa shelefu." Anafunsa ngati alipo amene anatsegula bokosilo asanakweze dzanja tsiku lija. Panalibe.

Kwa amene adzawerenge izi m'tsogolo: Lamulo 7 limati buku lililonse lolowa mu laibulale lipukutidwe, zonse zolembedwa m'mbali mwa masamba zifufutidwe, likutidwe ndi pulasitiki, kenako lidindidwe. Linakhazikitsidwa mu 2018, ana atadzaza mabuku ndi manambala a foni, mitima yolasidwa ndi mivi, ndi mawu ena osayenera kulowa m'zolembedwa za komiti. Anabweretsa lamulolo ndi Mayi Soko, ndipo tonse tinawaombera m'manja.

Zolembedwa zinavomerezedwa.

3. Zothokoza

3.1 Wapampando anathokoza Mayi Soko ndi amayi asanu a kwaya chifukwa cha zimene anachita Lamlungu pa 9 Malichi, ngalande itasefukira. Anatuluka m'tchalitchi ndi zovala zawo za kwaya, anaima mzere madzi ali m'mawondo, n'kumapatsirana mabuku a mashelefu apansi mpaka onse analowa m'vesitire. Palibe buku ndi limodzi lomwe linanyowa. Mayi mmodzi anataya nsapato, ndipo Wapampando analonjeza kumufunira ina pa benchi lawo la salaula, pamene amagulitsa zovala zakaunjika.

3.2 Komiti inathokoza Bambo Kamanga chifukwa cha mashelefu. Bambo Kamanga analandira kuthokozako ndi mawu amene anatenga mphindi zisanu ndi ziwiri.

3.3 Komiti inathokoza kwambiri Bambo Hosea Daka, a zaka 78, amene anagwira ntchito yolondera nyama zakutchire ku chigwa cha Luangwa kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Matenda a shuga anawalanda maso zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo anatipatsa bokosi lachitsulo lodzaza ndi mabuku 43 amene anasonkhanitsa pantchito, ena ogula, ambiri osiyidwa ndi alendo odzaona nyama. Bambo Hamweemba, amene amaphunzitsa Giredi 7, anati m'kalasi lawo la ana 84 muli awiri okha amene anaonapo mtsinje woposa ngalande yathuyi, ndipo njovu amaidziwa pa chithunzi chokha. Anati mphatso yotere siinabwerepo kuno chiyambire.

4. Kalata ya Mayi Soko

Wapampando anadziwitsa komiti kuti Lachitatu analandira foni kuchokera kwa Mayi Karen Daka. Mayi Daka anati bambo awo abwera ku msonkhano, ndipo akufuna wina adzawawerengere tsamba lina limene analembapo ndi pensulo. Anafotokozanso kuti zaka zonse za ntchito, bambo awo ankalemba m'mbali mwa mabukuwo zimene anaona ndi maso awo kutchire, potsutsa wolemba buku kapena pomuvomereza, ndipo mphatso yeniyeni ndi imeneyo. Mawu awo anali akuti: "Mabuku ni mbale chabe, ba Cheya. Ndiwo ni vamene banalemba batate."

Wapampando anati atapita ku laibulale Lachinayi anapeza mabuku onse 43 ali pa shelefu, oyera mbee, okutidwa bwino, odindidwa. Mayi Soko anagwira ntchitoyo masabata atatu ndipo anatha malabala khumi ndi mmodzi.

Wapampando anawerenga kalata ya Mayi Soko yopempha kusiya udindo umene akhala nawo zaka zisanu ndi zinayi, kuyambira pamene laibulale inali makatoni awiri pakhonde pawo. M'kalatamo anati munthu wowononga mphatso ya mlendo sayenera kusunga mabuku a anthu.

Mlembi akulemba poyera kuti laibulale ino popanda Mayi Soko ndi kontena chabe. Ndi iwo amene amatsegula tsiku lililonse popanda malipiro, ndipo ndi iwo amene amasiyanitsa mwana wochedwa kubweza buku chifukwa cha ulesi ndi wochedwa chifukwa kunyumba kuli maliro. Pakati pathu palibe angakwanitse ngakhale sabata imodzi, kuphatikizapo amene amalankhula kwambiri.

Atafunsidwa ngati sanaone kuti zolembazo sizinali za ana, Mayi Soko anati: "Ninaona. Nenze kubelenga chilichonse nikalibe kufufuta. Pa buku yachitatu mutima unaniuza kuti nichita voipa. Koma ninayopa kuti bana bakaona bazakamba ati nanga ba mudala banalemba bwanji, naise tilembe. Lamulo niine ninabwelesa. Ningaiphwanye bwanji niine?" Anawonjeza kuti sabata yoyamba anauza Bambo Kamanga pamsewu kuti m'mabukumo muli zolemba zambiri, ndipo Bambo Kamanga anayankha ali panjinga kuti afufute. Bambo Kamanga anati sakukumbukira, koma ngati ananena, ankathamangira kukagula mawaya.

Wapampando anati kalatayo siyankhidwa mpaka alendo atabwera, ndipo anafunsa ngati Bambo Daka auzidwe.

Bambo Kamanga anati asauzidwe. Anati: "Imwe bantu, ba mudala sibaona. Tikakhala chabe zii, bazaziba bwanji? Manzi yakataika siyawoleka. Tizabapweteka mutima pa vinthu vamene sivingabwelele, futi tizataya ba Magdalene." Anati mlendo akapempha tsamba lake, auzidwe kuti bukulo labwerekedwa.

Bambo Hamweemba anati auzidwe, chifukwa kunamiza munthu wosaona ndi kumubera kawiri. Bambo Kamanga anati aphunzitsi amakonda choonadi chifukwa si iwo amene amakolopa misozi pambuyo pake. Wapampando analetsa mawu amenewa, koma sanalamule kuti asalembedwe.

Panachitika voti. Mayi Soko sanavote popeza nkhani inali yawo, ndipo Wapampando amavota pokhapokha manja akafanana. Woti auzidwe: Bambo Hamweemba. Oti asauzidwe: Bambo Kamanga ndi Mlembi. Mlembi anakweza dzanja chifukwa choopa kutaya Mayi Soko, ndipo akuchita manyazi kulemba dzina lake pamenepa, koma zolembedwa sizisankha nkhope.

Chigamulo: Bambo Daka asauzidwe. Wapampando anati atsatira, ngakhale chikuwanunkhira.

5. Mabuku oti ana awerenge patchuthi

Anagwirizana kusankha mabuku asanu oti alembedwe pa bolodi la panja. Mayina ake enieni, ambiri a m'Chingerezi, ali pa pepala lomatidwa kumapeto. Muno alembedwa monga mamembala amawatchulira.

Bambo Hamweemba anasankha buku la mapazi. Lili ndi zithunzi za mapazi ndi ndowe za nyama, ndi mmene mungadziwire ngati nyama yadutsa m'mawa uno kapena dzulo. Anati analiyesa kale pa ana anayi, ndipo anabwera kudzamuuza kuti galu wa ku butchala amatsimphina mwendo wakumanzere wakumbuyo, ataona m'matope mokha. Anati buku lotere limaphunzitsa mwana kuyang'ana pansi pamene waponda, ndipo tchire la mwana wa ku Kanyama limayambira pakhomo pake. Linavomerezedwa popanda wotsutsa.

Wapampando anasankha buku la mayi wa kuphiri, nkhani ya mayi amene anakonzekera zaka zinayi kukwera phiri lozizira kwambiri, koma atatsala pang'ono kufika pamwamba anabwerera chifukwa mnzake anadwala. Bambo Kamanga anafunsa ubwino wa buku la munthu amene sanafike. Wapampando anati atsikana athu amve kuti kubwerera kukanyamula mnzako si kulephera, ndipo amuna ena amve kawiri. Linavomerezedwa.

Mlembi anasankha buku la bwato, la anthu awiri amene anatsata mtsinje kuchokera kumene umatumphukira mpaka kumene umathira m'nyanja yamchere, miyezi isanu. Mlembi analiwerenga m'minibasi ndipo anapitirira siteji yake kawiri. Bambo Hamweemba anati mapu ake ndi abwino, koma anadandaula kuti opalasa anayi amene anagwira ntchito yonse akutchulidwa kamodzi kokha, popanda mayina. Anagwirizana kuti lilowe, ndipo wowerengera ana aziwafunsa kuti ankapalasa ndani.

Mayi Soko, atakakamizidwa kulankhula, anatchula kabuku ka Chinyanja ka mitengo yazipatso zakutchire, masuku, masau, mbula ndi bwemba, nyengo yake ndi zimene siziyenera kudyedwa. Anati ndi kokhako kamene agogo a ana angawerengenso. Kanavomerezedwa.

Bambo Kamanga anasankha buku la mlenje, la munthu amene akuti anapha mikango khumi ndi inayi, ina ndi chipolopolo chomaliza, ina atagwa chagada. Anati ili ndiye buku, enawa ndi homuweki. Anatchulanso la galimoto imene inafera m'chipululu, la mapanga, ndi la ng'ona, ndipo anapempha kuti asanu akhale asanu ndi atatu. Wapampando anawakumbutsa za pusi uja wa ichi chakoma ichi chakoma. Anagwirizana kuti malo achisanu asankhe mlendo.

6. Kulandira alendo

Bambo Daka ndi Mayi Karen Daka anafika nthawi ya 15:40, atachedwa chifukwa minibasi inawatsitsa kutali poopa madzi. Bambo Daka anafika atapinda buluku mpaka m'mawondo, jekete lili bwinobwino. Wapampando anawerenga mawu othokoza a pa mfundo 3.3, ndipo onse anaomba m'manja. Mabuku anaunjikidwa patebulo patsogolo pa mlendo.

Bambo Daka anathokoza komiti. Anati m'bokosi mabuku ankangodyedwa ndi mphemvu, ndipo usiku wa Lachisanu sanagone bwino chifukwa cha chimwemwe. Atamva mabuku anayi osankhidwa, anati komiti ili ndi mphuno yabwino. Za buku la mapazi anati wolemba wake anayendadi pansi, osati kuona nyama ali pamwamba pa galimoto. Anati mwana akafuna kudziwa fisi aone phazi lakutsogolo, ndi lalikulu kuposa lakumbuyo, ndipo zimenezi bukulo linanena molondola.

Atafunsidwa mmene amadziwira buku labwino, anati: "Sivuta, bana banga. Onani pensulo yanga. Buku yazoona, pensulo ni ing'ono. Buku yaboza, mumbali monse ni mwakuda."

Bambo Kamanga anafunsa za buku la mlenje. Bambo Daka anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anawapempha kuti alitsegule anene mmene m'mbali mukuonekera. Bambo Kamanga anatsegula tsamba loyera ngati mbale yotsuka n'kunena kuti: "Mwakuda bii, ba tate." Bambo Daka anawapempha kuti awerenge chimodzi. Bambo Kamanga anati zilembo ndi zazing'ono ndipo aiwala magalasi. Komiti ikudziwa kuti Bambo Kamanga savala magalasi.

Bambo Daka anati palibe kanthu, chimene abwerera si mlenje wabodzayo. Anati anali ndi mnzawo pantchito, malemu Dixon Miti, amene anamira pamtsinje mvuu itagubuduza bwato lawo, iwo n'kupulumuka. Ana a malemuyo anali aang'ono pa nthawiyo, mayi awo anamwaliranso, ndipo tsopano akufuna kuika mwala pamanda mu Juni. Afunsa Bambo Daka tsiku limene bambo awo anamwalira kuti lilembedwe pamwalapo. Bambo Daka anati chaka akuchidziwa, 1987, koma tsiku linawathawa kale, ndipo n'chifukwa chake analilemba m'buku la mbalame, pa tsamba la nang'omba, popeza m'mawa umenewo anang'omba ankalira kutsidya. Anapempha kuti wina awawerengere.

Bambo Kamanga anati buku la mbalame labwerekedwa.

Dzanja la Bambo Daka linali kale pamulu wa mabuku. Anasisita misana yake limodzilimodzi, n'kusolola lachinayi kuchokera pansi. Anati: "Iyi apa. Ninaisoka neka na ulusi wa mbedza." Bukulo linatseguka lokha pa tsamba la nang'omba. Anayendetsa chala m'mbali, kenako pakati pamene masamba amakumana, ndipo anatola tinyenyeswa ta labala n'kutifikisa pakati pa zala. Anafunsa kuti timeneti n'chiyani.

Mlembi anayang'ana pansi.

Mayi Soko anaimirira, ngakhale chigamulo cha mfundo 4 chinali chisanasinthidwe. Anapita kukagwada pafupi ndi mpando wa mlendo pa simenti yonyowa ndipo anati: "Ba tate, niine Magdalene Soko, wosunga mabuku. Vonse vamene munalemba ninafufuta. Mabuku yonse. Kulibe chinasala. Buku siinabwelekewe, tenze kufuna kumunamani."

Mayi Karen Daka anakwiya, ndipo komiti ikuvomereza kuti anali ndi chifukwa. Anati bambo awo anapereka moyo wawo wonse m'bokosi, ife tauchapa ngati malaya, ndiye n'kumawanamizanso chifukwa saona. Anati atenga mabuku onse lero lomwe, ndipo anafunsa kumene kuli bokosi. Wapampando anati mlandu ndi wa komiti yonse, chifukwa inalamula isanatsegule bokosi, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya, choncho akupepesa iwo poyamba. Bambo Kamanga anapepesanso, mwachidule kwambiri kuposa mmene Mlembi anawamvapo.

Bambo Hamweemba anatenga bukulo n'kupita nalo pakhomo kukaliunika padzuwa, poganiza kuti mwina pensulo inasiya mikwingwirima. Panalibe chooneka. Mayi Soko safufuta mwatheka.

Bambo Daka anaika chipewa pamawondo. Kenako anafunsa Mayi Soko ngati ankatseka maso pofufuta. Mayi Soko anati ayi, ankawerenga chilichonse asanachifufute, zina kawiri.

"Vonse?"

"Vonse, ba tate."

"Mu buku ya uja waboza, pamene akamba ati njati yolasiwa inabwela kumenso kwake, ninalemba chani?"

Mayi Soko anayankha ali chogwada: "Munalemba ati, Bodza. Njati yovulala imazungulira n'kukakudikira m'mbuyo, panjira imene wadutsa kale. Pansi pake munalemba ati, Munthu uyu akanakhala wanga ndikanamutuma kukatunga madzi."

Bambo Daka anawomba tebulo. Anafunsa za njovu m'buku la mapazi. Mayi Soko anati panalembedwa kuti njovu yokupiza makutu ndi kukuwa ikungokuopseza, koma ikapinda makutu n'kukhala chete, usayambe kuwerenga buku. Anafunsa mafunso ena asanu ndi limodzi, za mvuu, za njuchi, za mtengo umene suyenera kusonkhedwa pamoto wophikira. Mayi Soko anayankha anayi bwinobwino, limodzi mwatheka, limodzi anati aiwala.

Pomaliza anafunsa za tsamba la nang'omba. Mayi Soko anati akukumbukira malo, akukumbukira kuti unali mwezi wa Novembala, mvula yoyamba itagwa, ndipo akukumbukira mawu onse. Koma nambala ya tsiku sinakhale m'mutu mwawo. Anayesa, analira, ndipo anati sanganene nambala yongopeka yoti ikalembedwe pamanda a munthu.

Bambo Daka anati: "Ndiye yapita iyo." Ananena kawiri. Mlembi sanaonepo munthu wamkulu akumeza chinthu chowawa chotero popanda kukweza mawu, ndipo zinamupweteka kuposa akanatikalipira.

7. Chigamulo pa kalata ya Mayi Soko

Wapampando anafotokozera alendo kuti Mayi Soko analemba kale kalata yosiya udindo. Mayi Karen Daka anati ndi bwino.

Bambo Daka anapempha kulankhula ngakhale si membala, ndipo analoledwa. Anati zimene zatayika zawapweteka, ndipo sanama kuti sizinawapweteke. Koma anati analemba zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo palibe anawerengapo, kaya malemu akazi awo, kaya ana awo asanu. Anafunsa mwana wawo ngati akunama. Mayi Daka anati sakunama. Bambo Daka anati ankaganiza kuti adzafa osadziwa ngati zimene ankalemba zinali zomveka kwa munthu wina, ndipo lero wapezeka munthu amene anakhala nazo masabata atatu mpaka kuziloweza ngati mavesi.

Anati: "Manje mufuna kuchoka, amai? Vamene muli navo mumutu muyenda navo kuti? Mabuku ninapasa bana. Koma vanga vili muli imwe. Mukachoka, ndiye mwafufuta kabili."

Anafunsa ngati kalatayo inalembedwa ndi pensulo, chifukwa ngati ndi choncho mwini wake akudziwa chochita nayo. Aka kanali koyamba komiti kuseka kuyambira mfundo 4. Kalata inali ya bolopeni. Wapampando anaibweza kwa Mayi Soko, amene anaipinda n'kuiika m'chikwama, ndipo Mayi Karen Daka ndi amene anawadzutsa pansi, ngakhale anachita zimenezi osawayang'ana kumaso.

Zogamulidwa:

(a) Kalata ya Mayi Soko yakanidwa ndi manja onse.

(b) Chigamulo cha mfundo 4 chafafanizidwa. Chikhalabe cholembedwa kuti tizichiona.

(c) Mabuku akhala ku laibulale. Loweruka lililonse m'mawa Mayi Soko azipita ku Matero ndi mabuku awiri, aziwerengera Bambo Daka, ndipo zimene awiriwo akumbukira zizilembedwanso m'mbali ndi bolopeni. Bambo Kamanga adzipereka kutsegula laibulale masiku amenewo. Komiti yavomera ndi chikhulupiriro.

(d) Lamulo 7 lisinthidwe: buku lopatsidwa lisafufutidwe mwini wake asanafunsidwe. Ana akafunsa chifukwa chimene Bambo Daka aloledwa kulemba m'mabuku, auzidwe kuti nawonso adzaloledwa akadzayenda pansi ku chigwa zaka makumi atatu ndi chimodzi.

(e) Buku lachisanu pa bolodi likhale la mlenje, mwa pempho la Bambo Daka, koma lituluke pokhapokha zolemba zawo zitabwereramo. Anati mwana aphunzire msanga kuti chosindikizidwa chimathanso kunama.

8. Zina ndi zina

8.1 Bambo Hamweemba anapempha kuti Bambo Daka adzalankhule ndi ana tsiku loyamba la tchuthi. Anavomera, bola asawatsitsenso m'madzi.

8.2 Bambo Daka anafunsa ngati zolembedwa za komiti zimasungidwa, ndipo ngati zimalembedwa ndi inki. Atauzidwa kuti inde, anapempha kuti za tsamba la nang'omba zilembedwe lero, muno, asadikire Loweruka, chifukwa pa zaka zawo Loweruka ndi kutali. Anapempha Mayi Soko kuti anene pang'onopang'ono kuti Mlembi asaphonye. Mayi Soko ananena, ndipo Mlembi analemba motere:

"Pa ____ Novembala 1987. Pa dooko la kumunsi kwa msasa, pamene pali mkuyu wopendekeka. Mvuu inatukula bwato. Ine sindidziwa kusambira, Dixon amadziwa. Anandikoka mpaka pa gombe logumuka, madzi akutikokolola tonse awiri. Ndinamugwira m'khosi. Anati, Gwira muzu, Hosea, usagwire ine. Ndinagwira muzu."

Bambo Daka anati ndi momwemo, palibe liwu lasowa. Mayi Karen Daka, amene anabadwa mu Januwale 1988, anati nkhani imeneyi sanaimvepo, amangodziwa kuti kunali ngozi. Anapempha Mlembi kuti awakopere pa pepala lina akapereke kwa ana a malemu Miti, ndipo anafunsa Mayi Soko kuti Loweruka adzafika nthawi yanji, adzawadikire pa siteji.

Malo a tsiku asiyidwa opanda kanthu mwa lamulo la Wapampando. Asadzazidwe ndi wina aliyense.

9. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka pa 26 Epulo 2025 nthawi ya 14:00, malo omwewa. Bambo Ngoma alemberedwe kalata.

Wapampando anapempha Mayi Soko kuti atseke ndi pemphero. Mawu anakana kutuluka, ndipo anapemphera Bambo Daka. Msonkhano unatha nthawi ya 17:20.

Marjory Shawa, Wapampando ____________________

Tionge Zimba, Mlembi ____________________